Tsiku Lofika Satchula

Yakutsk, 23 Novembala 2003

Wokondedwa Perizat,

Landira moni wochokera kuno kozizira. Ine ndili bwino, kaya iwe ndi mlendo wathu uli nayeyo? Nanga Mayi mawondo aja akuwapatsa mpata? Uwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ntchito ndapeza, koma si ya uinjiniya wa misewu imene ndinaivutikira ku yunivesite ku Osh. Bwana wa pano atayang'ana pepala langa la digiri anandifunsa ngati limatha kuliza injini. Ndiye ndine dalaivala. Andipatsa lole yaikulu, tizinyamula ufa ndi dizilo kupita kumidzi ya kumpoto. Msewu wa kumeneko ndi mtsinje ukaundana, choncho tangokhala kudikira kuti ayezi akhuthale. Ine ndi kudikira, umatidziwa mmene timakhalira.

Lole siyenda yokha kuno, timayenda awiriawiri. Mnzanga ndi Kesha, mbadwa ya konkuno, wamfupi, msinkhu wa achimwene ako a Mirza. Amanena nthabwala nkhope ili gwa, ndipo wandipatsa kale dzina loti Apulofesa. Dzulo tikumanga matayala ndinamuuza kuti pa 10 Malichi ndidzakhala ndili kwathu ku Alai, chifukwa mkazi wanga adzachira chakumapeto kwa mweziwo, ndipo wodzamuwolotsa pa mpata wa phiri kupita kuchipatala ku Gulcha ndine, osati wina. Anandiyang'ana ngati ndaseka pamaliro.

"Apulofesa, kuno tsiku lofika satchula. Msewu umamva."

"Msewu ulibe makutu, achimwene. Ndauphunzira mpaka m'kati mwake."

"Ndiye inu munaphunzira wogontha."

Anthu abwino, koma zikhulupiriro ndiye zawakulunga. Ine ndikutchulanso: pa 10 Malichi. Ulembe pakhoma.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa mwana wa a Sabyr, anansi athu aja, amene akubwera kumeneko. Mugule malasha tsopano asanakwere mtengo, ndi udzu wa nkhosa. Iwe ugule nsapato zaubweya zosaterera, ndipo madzi usamakatunge wekha ku kasupe. Za mapepala anga okhalira kuno zikuyenda pang'onopang'ono, koma usadandaule nazo.

Ndine wako,
Tilek


Yakutsk, 21 Disembala 2003

Wokondedwa Perizat,

Moni kwa iwe, kwa Mayi, ndi kwa wosewera mpira uja. Ndili bwino, kupatula milomo yosweka.

Ndabwerako ulendo woyamba. Ndikanakonda ukanandiona, kapenanso bola sunandione. Tikafika pa mtsinje timamasula lamba, chitseko cha lole n'kuchisiya chotsegula, kuti zikavuta udumphe. Mphepo imalowa ngati mpeni, koma palibe amatseka. Kenako timayenda liwiro la bulu wotopa, lole ina kutali ndi inzake. Ayezi amalira pansi pako ngati wina akuthyola nkhuni. Kesha akuti wolirayo ndiye wamoyo, woopsa ndi wachete.

Chifukwa choyendera pang'onopang'ono ndinawafotokozera ndine, tikumwa tiyi. Lole yolemera imapinda ayezi, ndipo madzi a pansi amachita funde loyenda patsogolo pako. Ukathamanga umalipeza fundelo, kapena limakagunda gombe n'kubwerera kudzakumana nawe, ayezi n'kuphulika. Anavomera onse kuti ndi zoona, wina mpaka anandiwonjezera shuga. Vuto ndi lakuti mutu wanga ukudziwa zonsezi, koma phazi langa lamanja silinapite kusukulu. Limangoyabwa.

Injini sitizimitsa kuyambira ponyamuka mpaka pobwera. Ukazimitsa idzadzuka mu Epulo. Timagona momwemo, ikunjenjemera pansi pathu, ndipo ndazolowera moti pabedi la pano tulo sitibwera chifukwa kuli zii.

Kalata yako anandibweretsera ndi Kesha kuchokera ku ofesi. Nditawerenga zoti mwana wayamba kuponya mateche, ndinamupatsa kurut wodzaza manja, chambiko chouma chija Mayi anandiumbira. Ndinamuuza kuti kwathu wobweretsa uthenga wabwino amati "suyunchu", ndipo sanena kanthu mpaka atalandira mphatso. Apo ndiye ndinadziputira. Tsopano pa wailesi ya ovaova ya m'lole ndimangomva, "Suyunchu, Apulofesa, tiyi wawira." Ndikatuluka panja, "Suyunchu, Apulofesa, mphuno mukadali nayo." Waphunzitsanso madalaivala ena. Thumba la Mayi lafika pakati.

Iyenso ali ndi zake. Tisanatsikire pa mtsinje wa Yana amaima, n'kuika tizitumbuwa titatu pa chipale chofewa, akuti n'chakudya cha mwini msewu. Ndinamuuza kuti akudyetsa akhwangwala. Anati, "Nawonso ali paulendo."

Ndalama ya mwezi uno mugulireko ufa ndi mafuta, yotsala usunge ya kuchipatala. Mwana wa ng'ombe uja musagulitse, ngakhale a Sabyr anyengerere bwanji.

Wako,
Tilek


Yakutsk, 19 Januwale 2004

Wokondedwa Perizat,

Ndikukhulupirira kalatayi ikupeza uli wamphamvu, Mayinso ali bwino. Ine ndilipo. Kwazizira kufika madigiri makumi asanu pansi pa ziro, malovu amauma asanafike pansi.

Nkhani ya alamu a Mirza unailemba ngati yoseketsa, yoti kagalimoto kawo ka Niva kanaterera pa kona ya mpata n'kukagona m'ngalande nkhosa zili m'kati. Ine sindinaseke. Ndi msewu womwewo udzadutse iwe. Ndikudziwa kuti wodzakuyendetsa ndine, komabe uwawerengere mawu awa, usachotsepo ngakhale limodzi.

Alamu, ndi ulemu wonse. Matayala anu ndi osalala ngati mbale. Ndatumiza ndalama ya matcheni okulunga matayala kuti asaterere, mukagule ku Osh, ndipo muziwamanga musanayambe kukwera, osati mutatitimira kale. Giya imene mwakwerera phiri ndi yomweyo yotsikira. Potsika, injini ndiyo igwire galimoto, buleki muzingomusisita. Galimoto ikayamba kuterera musaponde chilichonse, mungotembenuzira chiwongolero komwe matako ake akuthawira, mofatsa, maso ali kumene mukufuna kupita osati kuphompho. Pamene msewu ukuoneka wakuda ndi wonyowa, makamaka pa mlatho ndi pa makona a mumthunzi, si madzi amenewo, ndi ayezi. M'galimoto musasowe fosholo, thumba la phulusa ndi mabulangete. Ndipo kuimba nyimbo manja ali m'mwamba muzikachitira kuukwati.

Iweyo, bwanji osatsikiratu ku Gulcha mwezi wamawa, ukakhale kwa azakhali ako pafupi ndi chipatala? Ndidzakupeza komweko. Ganizira.

Perizat, mpata uja sungapitirire kutitsekera chaka ndi chaka ngati tili m'khola. Pa makona atatu pamene chipale chimagumukira pamafunika denga la simenti, basi. Ndajambula kale kuseri kwa katoni ya tiyi. Akuluakulu a kwathu adzati tidikire, monga ananenera kwa bambo anga. Ine ndatopa ndi mawu amenewo. Kunonso ndinalembera mabwana kuti pa mtsinje pazikhala zikwangwani zonena kukhuthala kwa ayezi sabata iliyonse. Anati zikomo, n'kuikapo kapu ya tiyi pamwamba pa pepalalo.

Ulendo uno tinadutsa lole ina itamira mphuno, kumbuyo kuli m'mwamba, itaundana momwemo. Chitseko chake chinali chotseka.

Masokosi unandilukira aja ndi amene ndavala pano.

Wako,
Tilek


Yakutsk, 16 Febuluwale 2004

Wokondedwa Perizat,

Moni mayi wa mwana wanga. Ndili bwino. Ndasangalala kumva kuti miyendo yasiya kutupa, ndi kuti Mayi akukudyetsa ngati nkhosa ya pa chikondwerero.

Kalata iyi ndi yachiwiri. Yoyamba ndang'amba, inali ndi mawu a munthu wopsa mtima. Ukuti sungatsikire ku Gulcha chifukwa nkhosa zayamba kuswa, ndipo Mayi sangathe okha kunyamula ana a nkhosa kulowetsa m'nyumba. Ndinayenda uku ndi uku m'chipinda muno ndikuyankhula ndekha, kuti ine ndikunena za mwana wa munthu, iye akunena za ana a nkhosa. Kenako ndinakuona m'maganizo utakhala pafupi ndi mbaula, kamwana ka nkhosa kali pamwendo, mimba ili apo, ndipo mkwiyo unandithera. Ndinakukwatira ndikudziwa kuti sumasiya munthu. Khala, koma chikwama cha kuchipatala chikhale pakhomo, chomangamanga.

Ndamva kuti alamu agula matcheni, ndipo akuti mlamu wawo wophunzira akufuna kuwaphunzitsa kuyenda. Auze kuti ndawamva, ndipo matcheniwo sagwira ntchito ali pa msomali.

Tikiti ya ndege ndagula, ya pa 8 Malichi. Kwatsala ulendo umodzi wa ku Yana, tinyamuka mawa. Ndawerengera bwinobwino, nthawi ikukwana ndi kutsalako. Kesha wanena kuti ulendo uno atsogola ndi iye, chifukwa akuti maso anga ayamba kuoneka ngati a hatchi yoona khola. Ulendo wathawu tinakangana pa ovaova.

"Achimwene, pondaniko pang'ono."

"Ndikuponda. Nsapato yanga ndi yaing'ono."

"Pa liwiro ili mwana wanga adzandilandira ali ndi ndevu."

"Bola adzakulandireni."



Ndakugulira mpango wa ubweya wofewa, ndi kachipewa ka mwana kamene mkazi wa Kesha wasoka ndi chikopa cha kalulu wa kuno. Akuti mwana asanabadwe sapatsidwa mphatso, ndiye wandiuza kuti ndizinena kuti ndi kanga. Ndikamayesa kumutu amaseka mpaka kutsokomola.

Ndalama sinditumiza mwezi uno, ndibwera nayo ndekha. Pa 10 udzamve kugogoda.

Wako,
Tilek


M'mbali mwa Yana, 9 Malichi 2004

Perizat wanga,

Moni. Ndili moyo, ndili bwino, usachite mantha ndi zilembo zokhotakhotazi. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Telegalamu yanga uyenera kuti walandira. Mawa sindigogoda.

Tikubwerera, katundu titatsitsa, tinapeza kabasi katatitimira pakati pa mtsinje. Pena madzi amatumphukira pamwamba pa ayezi n'kubisala pansi pa chipale, ndiye kanalowa m'menemo mpaka m'zitseko, ndipo madziwo anali atayamba kuundana mokazungulira. Munali anthu opita kuchipatala cha kuboma, amayi ambiri, wina ali ndi khanda. Pa msewu uno galimoto yoima saidutsa. Kesha anaima, inenso ndinaima. Sindikunamiza, ndinayang'ana kaye wotchi.

Amayi ndi khanda lija tinawalowetsa m'lole mwanga mofunda. Kuti tikoke kabasiko panafunika kukola tcheni pansi pa madzi, ndipo wamanja aatali ndinali ine. Kanatuluka tsiku lachiwiri. Onse ali bwino. Khandalo linagona pa mpando wanga nthawi yonseyi, likuyamwa chibakera, osadziwa kanthu.

Pokoka paja lole yanga inathyoka chitsulo cha kumbuyo, tikudikira china. Ndipo namwino wa pamudzi pano wandimanga dzanja lamanja, akuti zala ziwiri zapsa ndi chisanu, ndisachoke mpaka aone mmene zikhalire. Ndi zazing'ono. Mayi usawauze.

Kesha sananene chilichonse za tsiku ndinatchula lija. Ndinadikira kuti anena, koma anangondisendera nsomba youma ndi chisanu n'kundidyetsa ngati mwana.

Tsopano tamvera. Wokutengera ku Gulcha ndi alamu. Ululu woyamba ukangoyamba munyamuke, usadikire kuti utsimikize. Kukakhala kukugwa chipale, ayatse nyali ngakhale masana. Ukhale kumbuyo, Mayi pambali pako. Akathamanga uwauze kuti, achimwene, Tilek akuona. Ndikudziwa kuti udzafuna kuti afulumire. Usawapemphe zimenezo, ngakhale zitawawa bwanji. Ndikukupempha ine, amene umandidziwa kuti sindidziwa kudikira.

Ndimafuna ndikhale ine pa chiwongolero. Ndikhululukire.

Tilek


Khandyga, 27 Malichi 2004

Wokondedwa Perizat, mayi wa mwana wanga wamkazi,

Moni kwa inu atatu. Ndalemba kuti atatu, ndayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Uli bwanji? Mkaka ukutuluka? Ine ndili bwino, dzanja likuphunzira.

Ndikuuze mmene uthenga unandipezera. Telegalamu ya alamu inafikira ku ofesi ku Yakutsk, ife tili kutali m'njira yobwerera. Ovaova yathu simva patali, ndiye mayi wa ku ofesi anauza dalaivala amene ananyamuka tsiku limenelo, iyeyo anauza wina amene anakumana naye, winayo anauza wina, uthenga n'kumakwera kumpoto lole ndi lole. Unafika kwa Kesha, amene anali patsogolo, tili pakati penipeni pa mtsinje, dzuwa lili pamutu, ayezi wa mwezi uno atayamba kale kufewa. Chitseko chili chotsegula, ine ndikuwongolera ndi dzanja limodzi ndi theka.

Ovaova inakhosomola.

"Apulofesa. Suyunchu."

"Achimwene, kurut anatha. Ngati ndi tiyi imwani nokha."

"Si tiyi."

Phazi lija linayamba kutsika lokha, ndinamva injini ikukweza mawu.

"Ndikukuonani pagalasi," anatero Kesha. "Bwezani phazi. Mayi ali bwino, mwana ali bwino. Izo ndakupatsani ulere. Zotsalazo mukamvera pa gombe, mukafika ndi lole youma."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Pa gombe."

"Achimwene, ndikuphani."

"Pa gombe pomwepo."

Perizat, gombe linkaoneka apo, mitengo yake ndikuiwerenga. Sindinayendepo mtunda wautali ngati umenewo. Ndinabweza phazi. Ndinkamva ayezi akulira pansi panga, misozi ikuundana m'zikope, ndipo ndinkayankhula ndi phazi langa ngati ndikunyengerera hatchi, kuti pang'onopang'ono, uli ndi mwana tsopano. Singano ya liwiro sinasunthe mpaka matayala anagunda nthaka.

Kesha anali atatsika kale, ataima manja m'thumba. Ndinamupatsa chipewa, anakana. Ndinamulonjeza nkhosa, anati nkhosa ya ku Alai ifika liti kuno. Kenako analoza pamkono panga.

"Wotchiyo. Yakuvutitsani mokwanira."

Ndinavula. Anaivala mosafulumira, anaiika kukhutu, anaipukuta pa malaya, ine ndikufa. Ndiye anati, "Ndi wamkazi. Akuti mphuno ndi yanu, koma musadandaule, ana amasintha."

Ndinamunyamula m'mwamba ndi dzanja lomangalo. Kuchokera pamenepo lole iliyonse yokumana nafe imaima, dalaivala n'kutsitsa galasi, "Iwe ndiwe wa ku Alai? Suyunchu." Onse anaunyamulako uthengawo, onse akufuna zawo. Ndagawa tiyi, shuga, fodya wa Kesha, mpaka masokosi ako amodzi. Ndafika kuno ndilibe kanthu, ndipo sindinalemerepo chonchi.

Pa mtsinje wotsatira ndinapempha Kesha kachitumbuwa kamodzi. Akhwangwala nawonso amve.

Telegalamu sinanene za pa mpata. Munadutsa bwanji? Ndilembere zonse.

Wako,
Tilek


Yakutsk, 14 Epulo 2004

Wokondedwa Perizat,

Moni kwa iwe, kwa Mayi, ndi kwa Begimai. Dzina Mayi asankha bwino, ndakhala ndikulitchula m'lole kuti pakamwa pazolowere. Ine ndili bwino.

Kalata yako ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo. Ndinawerengerako Kesha pamene ukuti chipale chinkagwa, alamu anamanga matcheni pakhomo pomwe, n'kutsika mpata wonse pa giya yoyamba, thukuta lili kamukamu, mpaka munthu wa pa bulu anakupitirirani. Ndi pamene ukuti pa kona yachiwiri galimoto inatembenuza matako, iwo osaponda buleki, akungonong'ona kuti "mofatsa, mofatsa" mpaka inawongoka. Ukuti unawatukwana iwo, unatukwana ine, unatukwana ndi yunivesite yomwe, koma sunawauze kuti athamange. Kesha akuti ndikuuze kuti ukafuna ntchito kuno, lole ilipo.

Alamu ndidzawathokoza ndekha, pamaso. Uwauze kuti mwana wa ng'ombe uja ndi wawo, suyunchu yawo.

Za dzanja, poti wafunsa kawiri. Chala chaching'ono ndi chinzake zafupikako pang'ono. Cholembera ndikugwira, ukuona wekha kuti zilembo zawongoka. Denga la pa mpata ndidzalijambulanso ndithu, ndipo ulendo uno ndikapita nalo kuboma ndili ndi nkhani ya mwana wanga m'kamwa. Akadzati tidikire, ndidzakhala pakhomo pawo mpaka atope ndi nkhope yanga. Kudikira kwa mtundu umenewo ndakuphunzira.

Msewu wa pa ayezi autseka, madzi ayamba kuyenda pamwamba. Dzulo ndinazimitsa injini. Kunakhala chete moti ndinamva mtima wanga. Malipiro atipatsa, mapepala ali m'thumba, mpango wako ndi kachipewa "kanga" zili pamwamba m'chikwama.

Mayi akuti mwambo wa masiku makumi anayi, womusambitsa ndi kumumeta tsitsi loyamba, sungadikire munthu. Asaudikiritse. Koma ngati n'kotheka, kansalu komupukutira mundisungire, ndidzamve fungo lake.

Ukufunsa kuti ndifika liti. Wotchi ndilibe, ndipo pa mpata paja chipale cha mu Epulo umachidziwa. Usaime pamsewu ndi mwana m'mphepo. Ukamva galu akuuwa mosokonezeka, ngati sakudziwa kuti alume kapena avine, uike madzi a tiyi pamoto.

Ndili m'njira.

Wako,
Tilek